Ziro wa Azakhali ndi Zina za Pa Kiyibodi

Ndili mwana, agogo anandituma kukhitchini. "Thamanga ukaone ngati nyemba zija zikupserera." Ndinathamanga, ndinavundukula mphika, ndinanunkhiza, ndinavundikiranso bwinobwino, n'kubwerera pakhonde. "Eya agogo, zikupserera." Zimene zinatsatira sindingazilembe m'magazini yowerenga ndi ana omwe. Koma lero, patapita zaka ndikudyera kulemba mapulogalamu, ndikakhala patsogolo pa kompyuta ndimakumbukira khonde lija. Kompyuta ndi mwana uja. Unaituma kukaona, yaona. Zophula mphika sunanene.

Ziro wa azakhali

Azakhali anga ndi mlembi wa banki m'khonde kwawo. Atatopa ndi kope la chikuto cholimba, anandiimbira foni. "Iwe si wa makompyuta? Ndikufuna mayina a amayiwa alowe mu laputopu." Ndinati azakhali, palibe chovuta, tsegulani Excel, dzina mbali iyi, nambala ya foni mbali inayo. Dzuwa lisanalowe foni inaliranso.

"Mwanawe, kompyuta yakoyi ndi yakuba."

"Yaba chiyani, azakhali?"

"Maziro. Ndikalemba 0999, kungodina basi, ziro wapita. Amayi 30, maziro 30. Nanga ndikaipatsa ndalama zikhala bwanji?"

Excel ikaona manambala okhaokha imaganiza kuti ndi owerengera, ndipo pa masamu 07 ndi 7 ndi munthu mmodzi. Ine mwanzeru zanga ndinati ndiye yambani ndi 265, ziroyo musiyeni. Patapita mphindi zisanu: "Tsopano yayamba kulankhula malilime. Yalemba 2.65999E+11." Nambala ikafika manambala 12, Excel imaifupikitsa mwa asayansi, ndipo mukasunga fayiloyo ngati CSV ili choncho, manambala akumapetowo apita ulendo wosabwerera.

Mankhwala ake ndi aang'ono. Musanalembe kanthu, uzani Excel kuti mzere wonsewo ndi Text. Mu database, nambala ya foni ikhale VARCHAR osati INT. Muyeso wake ndi uwu: ngati kuphatikiza ziwiri sikukupatsani chanzeru, imeneyo si nambala, ndi dzina lovala manambala. Foni ya apampando kuphatikiza foni ya msungichuma sikutulutsa foni ya amfumu. Komanso INT wamba amathera pa 2,147,483,647, choncho nambala yoyamba ndi 265 singalowemo ngakhale mutaikankha ndi bondo. Malire omwewa ndi amene anachititsa a YouTube kukulitsa chowerengera chawo mu 2014, anthu ataonera Gangnam Style mopanda chisoni.

Ndinawatonthoza azakhali kuti si iwo okha. Akatswiri ofufuza za majini anavutika zaka zambiri chifukwa Excel inkasandutsa jini yotchedwa MARCH1 kukhala 1 Malichi, SEPT1 kukhala 1 Sepitembala. Mu 2020 komiti yotcha mayina a majini a munthu inakweza manja, n'kusintha mayinawo kukhala MARCHF1 ndi SEPTIN1. Anthu a madigiri atatuatatu, kugonjera Excel! Chaka chomwecho ku England zotsatira 15,841 za anthu opezeka ndi COVID-19 zinasowa m'malipoti chifukwa fayilo yachikale ya XLS imangolandira mizere 65,536. Azakhali anangoti, "Azunguwo akanagula kope."

Ng'oma ndi ngoma

Ntchito yanga yoyamba inali pulogalamu yolembetsera ana pasukulu ina. Tinaiyesa sabata yathunthu ndi mayina a Banda, Phiri, Mwale, zonse myaa. Tsiku lotsegulira, mwana woyamba pamzere anali wa kwa Ng'oma. Kalaliki analemba, anadina, sikirini yonse psuu ndi Chingerezi chaukali. Wachiwiri anali wa kwa Ng'ombe. Ahedi anandiyang'ana monga mmene amayang'anira mwana wobwera mochedwa.

Wolakwa anali nkhodolero, kachizindikiro kaja ka pakati pa g ndi o. Mu SQL, chizindikiro chomwecho ndi chimene chimatsegula ndi kutseka mawu. Ndiye database ikaona 'Ng'oma' imati dzina ndi Ng, latha, ndipo oma ndi lamulo limene siinalimvepo chibadwire.

Mnzanga amene tinkagwira naye ntchito anati ndisiyireni ine. Anangoletsa nkhodolero m'bokosi la dzina. Pulogalamu inasiya kugwa, ana analembetsa, ife tinapita kukadya tchipisi. Kumapeto kwa teremu kunabwera bambo wina ali ndi lipoti m'manja. "Aphunzitsi, mwana wanga ndinabwera naye kuno ali Ng'oma, yovinira. Mukundibwezera Ngoma, nyama ya m'nkhalango. Nyangazo mwazisiya kuti?"

Njira yake si kuletsa dzina la munthu. Musamamate zimene munthu walemba pakati pa lamulo la SQL. Lembani `WHERE dzina = ?` ndipo dzinalo muliperekeze palokha, zimene amati prepared statement. Chilankhulo chilichonse chodziwika chili nazo, PHP yomwe. Ndipo si nkhani ya ulemu wokha. Bowo limene inagweramo ng'ombe ndi lomwelo limene akuba amalowerapo pa SQL injection: amalemba lamulo m'bokosi la dzina, database n'kumvera ngati mwana wa nyemba uja. Ngati ng'ombe yosalakwa ikugwetsa mpanda wanu, fisi sachita kuodira.

Pasukulu pomwepo tinasindikiza masatifiketi olembedwa kuti dziko lathu ndi MalaÅµi. Chilembo cha ŵ chimasungidwa ndi mabayiti awiri mu UTF-8, ndiye pulogalamu yosindikiza inawerenga lililonse palokha mwa kachitidwe kakale ka Windows. Ikani UTF-8 paliponse, kuyambira pa tsamba mpaka mu database. Ngati ndi MySQL sankhani utf8mb4, chifukwa imene imangotchedwa utf8 kumeneko imathera pa mabayiti atatu, pamene ka nkhope koseka ka pa foni kamafuna anayi. Kuyambira tsiku limenelo sindiyesa pulogalamu ndi John Smith. Ndimalemba Ng'oma, ndimalemba Malaŵi, ndimaika ka nkhope kolira. Ikapirira zitatuzi ndiye tikambirane za malipiro.

Tambala imodzi

Kodi munagwira liti tambala m'manja? Ine sindikukumbuka. Koma ku akawunti tambala ili moyo, ndipo ili ndi omulondera. Mayi wina wa ku akawunti anandigwira pakhomo Lachinayi lina nthawi yoweruka. Lipoti la mwezi linasiyana ndi buku lake ndi K0.01.

"Mayi, ndikupatsani K100 yanga, titseke nkhaniyi."

"Achimwene, sindikufuna K100. Ndikufuna tambala yangayo."

Yesani nokha: tsegulani console ya browser, lembani `0.1 + 0.2`. Yankho ndi 0.30000000000000004. Kompyuta sinaledzere. Imawerenga ndi 0 ndi 1 basi, ndipo m'kawerengedwe kameneko 0.1 salembeka n'kutha, monga mmene K100 yogawana anthu atatu imakhalira 33.333 mpaka dzanja litatopa. Malamulo ake ndi a IEEE 754 a mu 1985, ndipo Python, Java, JavaScript onse amawatsata. Tizinyenyeswa timeneti tikaunjikana pa malisiti masauzande, tambala imabadwa kapena kufa.

Ndalama musazisunge mu float. Zisungeni mu matambala athunthu, K1,250.50 ikhale 125050, mudzagawe ndi 100 pokhapokha poonetsa munthu. Apo ayi gwiritsani DECIMAL. Tinatuluka mu ofesimo 9 koloko usiku, tambala itapezeka. Mayi aja anaiyang'ana pa sikirini ngati mwana wosochera amene wabwerera kwawo.

Chitenje cha mamiliyoni asanu

Msuweni wanga amagulitsa zitenje, ndiye ndinamupangira katsamba kolandirira maoda. Chitenje K5,000, wanjinga wobweretsa K500. Kasitomala woyamba analandira bilu ya K5000500. Uthenga wake unali waulemu kwambiri: "Pepani, chitenjechi chikubwera ndi nyumba yomwe?"

Chilichonse chochokera m'bokosi la pa tsamba chimafika ku JavaScript ngati mawu, ndipo chizindikiro cha + chikapeza mawu sichiphatikiza, chimalumikiza. `"5000" + 500` ndi 5000500. Chopweteka n'chakuti `"5000" - 500` imapereka 4500 bwinobwino. Kutanthauza kuti pulogalamu yanga inkadziwa kuchotsera mtengo koma osati kuwonjezera, khalidwe limene palibe wamalonda aliyense wa mu Limbe angalimvetse. Kulungani ndi `Number()` musanayambe masamu.

Msuweni yemweyo anandikhululukira, n'kundipatsanso ntchito ya kalata ya pa intaneti yoitanira anthu ku chinkhoswe chake cha mu Ogasiti. Ndinalemba mwezi 8. Kalata inatuluka yonena Sepitembala. Mu JavaScript masiku amayambira pa 1, koma miyezi imayambira pa 0: Januwale ndi 0, Disembala ndi 11. Ankhoswe a kuchimuna anafika kwa amalume m'mamawa kudzafunsa ngati banja lathu lasintha maganizo. Brendan Eich analemba JavaScript yoyamba m'masiku 10 okha mu 1995, ndipo ine ndinatha masiku ochuluka chimodzimodzi ndikupepesa akuchimuna.

Mphindi 11 za ulemerero

Bwana mkubwa pakampani ina anakwezedwa malipiro, ine n'kupemphedwa kuti ndisinthe mu database. Ndinalemba lamulo la mizere iwiri: woyamba `UPDATE antchito SET malipiro = ...`, wachiwiri `WHERE` wonena kuti ndi bwanayo yekha. Podina, ndinali nditasankha mzere woyamba wokha. Kompyuta inayankha mosangalala kuti yasintha mizere 86.

Kwa mphindi 11, aliyense pakampanipo ankalandira ngati bwana mkubwa: mlonda, wophika tiyi, dalaivala, ine ndemwe. Sipanakhalepo chilungamo chotere pamalopo, kale kapena pambuyo pake. Thukuta limene ndinatuluka tsiku limenelo likanathirira dimba.

Tsopano ndimayamba ndi `SELECT` wokhala ndi `WHERE` yemweyo, ndione kaye amene ndikufuna kumukhudza. Kenako `BEGIN`, kenako `UPDATE`, n'kuwerenga mizere imene yasintha. Ikakhala 1, `COMMIT`. Ikakhala 86, `ROLLBACK`, ndipo palibe amene adziwe. MySQL ili ndi njira yokaniratu `UPDATE` yopanda `WHERE`. Dzina lake laulemu ndi `--safe-updates`, koma ili ndi dzina linanso lovomerezeka, `--i-am-a-dummy`, kunena kuti ine ndine chitsiru. Ndimalemba lachiwirilo. Munthu uzidziwa mtundu wako.

Chinandipulumutsa tsiku lija ndi backup ya usiku wathawo, ndipo ndinachita mwayi kuti inatseguka. Ena sizinawayendere choncho. Mu 1998 ku Pixar, lamulo la `rm -rf` linayendetsedwa pamalo olakwika, filimu ya Toy Story 2 n'kuyamba kusungunuka anthu akuona. Atathamangira ku backup anapeza kuti inali itasiya kale kugwira bwino ntchito. Filimuyo inapulumuka chifukwa Galyn Susman, amene ankagwirira ntchito kunyumba poti anali ndi khanda, anali ndi kope pa kompyuta yake. Anakaitenga pa galimoto ataifunditsa mabulangete ngati wodwala malungo. Pa 31 Januwale 2017 injiniya wa GitLab, atatopa usiku, anafufuta pafupifupi 300 GB pa seva yeniyeni akuganiza kuti ali pa inzake. Anali ndi njira zisanu zosungira, ndipo panalibe imene inkagwira monga ankayembekezera. Anabwezeretsa kuchokera pa kope la maola 6 m'mbuyo, dziko lonse likuwaonerera pa YouTube.

Backup imene simunayesepo kuibwezeretsa ili ngati nkhokwe imene simunasuzumiremo chikololere. Mumagona mtima uli m'malo, anankafumbwe ali pa phwando. Mwezi uliwonse tengani imodzi, muitsegule pa kompyuta ina, muone ngati muli chimanga kapena fumbi.

Ndani analemba zopusazi?

Musanaphunzire Git, foda yanu imaoneka chonchi: pulojekiti_final, pulojekiti_final2, pulojekiti_final_yeniyeni, pulojekiti_final_yeniyeni_iyi_ndiye. Linus Torvalds analemba Git mu 2005 kuti mavuto otere athe, ndipo anathadi, n'kubwera ena. Ndinaonapo mbiri ya ma commit a mnyamata wina yoyenda motere: "zinthu", "zinthu zina", "kukonza", "kukonza zokonza zija", "Ambuye thandizeni". Lembani chimene mwasintha ndi chifukwa chake, mzere umodzi wokwana. Ndipo kwathu kuno, kumene magetsi amachoka osatsanzika ndipo laputopu imatha kutsika minibasi mwini wake asanatsike, commit yosakankhidwira ku seva ndi ndalama ya m'thumba lobooka. Chitani push musanapite kukadya.

Tsiku lina ndinapeza function yoipa kwambiri moti ndinaimirira pakati pa ofesi. "Akuluakulu, amene analemba ichi anaphunzira kuti? Abweze fizi." Anzanga anasonkhana. Ndinalemba `git blame`, lamulo limene limaonetsa dzina la wolemba pa mzere uliwonse, kuti tonse timuone wolakwayo. Dzina linatuluka. Linali langa, la miyezi 14 m'mbuyo. Ndinakhala pansi mwakachetechete n'kunena kuti, tikaonetsetsa, mnyamatayo anali ndi mfundo.

Chimodzi chokha pa Git sichiseketsa. Pasiwedi kapena kiyi wa API zikalowa mu commit n'kupita pa GitHub poyera, pali maroboti amene ntchito yawo ndi kusaka zomwezo usana ndi usiku. Kufufuta mzerewo mu commit yotsatira sikuthandiza, chifukwa Git saiwala, ndiye ntchito yake. Zinsinsi zikhale mu fayilo ya `.env`, dzina la fayiloyo likhale mu `.gitignore`. Zikatuluka kale, musataye nthawi kubisa. Kiyi wa nyumba akagwera mumsika, umasintha loko.

Bakha wanga amavala jombo

Buku la The Pragmatic Programmer la Andrew Hunt ndi David Thomas, la mu 1999, linatchukitsa njira yofotokozera code yako kwa kabakha ka pulasitiki, mzere ndi mzere, mpaka utadzimva wekha pamene ukunama. Ine kabakha ndilibe. Ndili ndi madala amene amalondera ofesi yathu usiku.

Ubwino wa madalawa ndi wakuti Chingerezi cha makompyuta sachimva, ndiye ndimakakamizika kunena m'Chichewa. Pa Chingerezi munthu umabisala. Umati "it handles the request" n'kumadziona wanzeru. M'Chichewa uyenera kunena kuti chikutenga chiyani, kwa ndani, n'kupita nacho kuti, ndipo nthawi zambiri pofika pa "n'kupita nacho" umakhala waona kale pamene mphika ukudontha.

Usiku wina ndinalimbana ndi bug kuyambira 6 koloko. Ndikasintha code, tsamba osasintha. Ndinasinthanso, osasintha. Ndinafufuta theka la fayilo mwaukali, tsamba lili phee ngati silikundidziwa. Madala anabwera ndi tiyi wawo, anakhala pampando wa alendo, ine n'kuyamba kufotokoza. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Bwana, ndifunse nawo. Imene mukuipatsa mankhwalayo ndi imene ikudwalayo?"

Ndinayang'ana pamwamba pa browser. Ndinkakonza fayilo ya pa laputopu yanga, koma tsamba limene ndinkayang'ana linali la pa seva. Maola anayi ndikumwetsa mankhwala mwana wa aneba.

"Ndiye ndakonza ine?"

"Mwakonza inu, madala."

"Fanta akhale wozizira."

Musanayambe kukumba mozama, ikani `print` kapena `console.log` yonena chilichonse pamwamba penipeni, muone ngati ituluke. Ikapanda kutuluka, code imene mukuikalipirayo si imene ikuyenda. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ngakhale moto wa pa seva.

Mlongo wake wa vuto limeneli ndi mawu aja otchuka akuti "pa kompyuta yanga zikugwira". Zinkagwiradi: zithunzi zonse zinkaoneka pa Windows, koma pa seva ya Linux panali timabokosi topanda kanthu. Fayilo inali Chithunzi.JPG, code inkaitana chithunzi.jpg. Windows imati ndi munthu yemweyo. Linux imati sindikumudziwa. Mayina a mafayilo alembeni ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda mipata, mudzakalamba bwino.

Mzati wa khumi ndi chimodzi

Ndinkamanga mpanda wa mamita 10 kuseri kwa nyumba, mzati pa mita iliyonse. Ndinagula mizati 10, poti masamu ndinakhoza. Mmisiri anakumba, anazika, anafika kumapeto, anandiitana. "Bwana, apa ndiye pakhomo pa mbuzi?" Mipata 10 imafuna mizati 11.

Cholakwa chomwechi chimadya olemba mapulogalamu tsiku lililonse, kungoti chimabwera chitatembenuka. Mndandanda wa zinthu 10 umayambira pa 0 n'kuthera pa 9. Mukalemba `i <= 10` m'malo mwa `i < 10`, pulogalamu imapita kukagogoda pa nyumba imene kulibe. Yesani loop iliyonse ndi mndandanda wopanda kanthu, wa chinthu chimodzi, ndi wa ziwiri. Mmisiri uja sanandilipiritse mzati wowonjezerawo, koma nkhaniyi anaifalitsa dera lonse.

Khomo lili kuti?

Mnyamata wophunzira ntchito analowa mu Vim mwangozi. Anadina Esc, anadina Ctrl ndi C, analemba "exit", analemba "chonde". Nditacheuka ndinamupeza akugwada pansi pa tebulo, dzanja lili pa soketi. Ndinamugwira mkono. Esc, kenako `:q!`, kenako Enter. Ngati ukufuna kusunga, `:wq`. Anachita manyazi, ndiye ndinamuonetsa kuti funso la mmene ungatulukire mu Vim linafika poonedwa kamiliyoni pa Stack Overflow mu 2017. Bram Moolenaar anatulutsa Vim mu 1991, ndipo ukaitsegula imakupempha kuthandiza ana osauka a ku Uganda. Mnyamatayo anati akanathandiza ndithu, akanangomuuza kaye potulukira.

Safunsa anadya phula, n'zoona. Koma wofunsa n'kukopera yankho osaliwerenga amadya phula lomwelo ndi supuni. Pa 4 Juni 1996 roketi ya Ariane 5 inaphulika ku Kourou pasanathe mphindi imodzi chinyamukire. Code ina anaitenga ku Ariane 4, kumene inkagwira bwino. Koma roketi yatsopanoyo inkathamanga mosiyana, nambala ina inakula kupitirira 32,767, malire a kabokosi ka mabiti 16 kamene ankaithiramo, ndipo makompyuta onse awiri owongolera anagwa ndi nthenda imodzi. Buluku la mng'ono wako likhoza kukhala labwino, koma usakagwade nalo pa ukwati usanaliyese.

Umboni wa lisiti

Mlamu wanga anafika kunyumba pakati pa usiku. Mlandu utayamba m'mawa, anatulutsa lisiti la kumalo kumene anali "kuonera mpira". Linalembedwa 21:35. "Mwaona? Ndinalipira isanakwane 10 koloko. Kenako tayala linaphwa." Achemwali anga anandiitana ngati katswiri. "Achimwene, inu mumadziwa za makinawa. Lisitili likunena zoona?"

Tsoka lake, makina a malo amenewo ndinawaika ndine, ndipo ndinkadziwa chimene ndinaiwala kukonza. Seva inali pa UTC. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri. 21:35 ya pa lisiti inali 23:35 ya pa dziko lapansi. Ndinayang'ana mlamu, ndinayang'ana achemwali, ndinati nkhani za nthawi pa kompyuta ndi zovuta kwambiri, zimafuna kafukufuku. Achemwali anati, "Ndamva." Anamvadi.

Kusunga nthawi mu UTC si kulakwa, ndiye njira yabwino. Kulakwa ndi kuionetsa kwa munthu musanaitembenuze. Potembenuzapo musawonjezere 2 ndi manja; gwiritsani dzina la dera, limene kwa ife ndi `Africa/Blantyre`. A ku Lilongwe pepani, mndandandawo sunakufunseni. Ife mawotchi sitisuntha, koma a ku London amasuntha Lamulungu lomaliza la Malichi ndi lomaliza la Okutobala, ndiye kusiyana kwathu ndi iwo kumakhala ola limodzi miyezi ina, maola awiri miyezi ina. Ndinadikirapo kasitomala pa Zoom ola lathunthu, bandulo ikupsa, ndikumunena kuti sasunga nthawi. Ndipo tsiku lolembedwa 03/04 ndi 3 Epulo kwa ife koma 4 Malichi kwa Amereka. Lembani 2025-04-03, palibe adzakangane. Amene muli ndi makina akale osunga nthawi m'mabiti 32, lembani pakhoma: masekondi amene akhala akuwerengedwa kuchokera pa 1 Januwale 1970 adzadzaza pa 19 Januwale 2038. Ine ndidzakhala nditapuma ntchito, ndikuweta nkhuku, foni nditathimitsa.

Lachisanu, 4:30

"Kakang'ono chabe," anatero bwana, jekete ili kale paphewa. "Kungosintha mtundu wa batani. Ukankhe lero, Lolemba tidzapeze zili bwino."

Ndinawakumbutsa kuti 19 Julayi 2024 linali Lachisanu. Tsiku limenelo kampani ya CrowdStrike inatumiza kafayilo kakang'ono kwa makasitomala ake onse nthawi imodzi, makompyuta a Windows okwana pafupifupi 8.5 miliyoni n'kuchita buluu, ndege kuima, mabanki ndi zipatala kubwerera ku pepala ndi cholembera. Bwana anati ifeyo si CrowdStrike, makasitomala athu ndi 40. Ndinakankha.

Batani linasinthadi mtundu, linakongola kwabasi. Kungoti linasiya kudinika. Loweruka lonse ndinali mu ofesi ndi madala aja, iwo akumwa Fanta wachiwiri, ine ndikusaka mpatuliro umodzi umene ndinaufufuta ndi chigongono. Cha m'ma 3 koloko foni inalira. Azakhali.

"Mwanawe, maziro aja anabwerera onse, amayi akuthokoza."

"Zikomo azakhali, ndasangalala."

"Tsopano wailesi ya amalume ako yasiya kugwira Zodiak. Ubwere mawa ukatuluka ku tchalitchi."

"Azakhali, ine ndimalemba mapulogalamu."

"Eya. Ndi mapulogalamu omwewo amene sakumveka."